Kiyi wa Kabati ya Mfuti Wandiyambanitsa ndi Amuna Anga

Aphungu,

Ndine namwino pachipatala china ku Lewisham, kuno kwa azungu, ndipo ndili pabanja ndi a Biswick. Musadzidzimuke ndi zomwe ndinene: ine ndili ndi mfuti. Si yankhondo ayi, ndi kamfuti ka .22, ka zipolopolo zing'onozing'ono, kowombera chandamale cha pepala kukalabu ya masewera owombera. Amene anandikokera kumeneko ndi Phoebe, mnzanga wakuntchito, nthawi yomwe mashifiti ankandizunguza mutu. Tsiku loyamba nditagona chafufumimba, n'kupuma pang'onopang'ono, n'kuona kachiboo katatuluka pafupi ndi pakati, mtima wanga unangoti myaa. Kuyambira pamenepo sindinajombe.

Chiphaso cha mfuti sichinabwere mophweka. Ndinakhala miyezi ndikuyesedwa kukalabu, ndinasaka anthu awiri ondichitira umboni, apolisi anandifunsa mafunso mpaka a zaumoyo wanga, kenaka kabati yachitsulo yosungiramo mfutiyo tinaikhomerera kukhoma. Lamulo limodzi anandiuza mobwerezabwereza: munthu wopanda chiphaso asadziwe pomwe kiyi wa kabatiyo ali, ngakhale mwamuna amene umagona naye chipinda chimodzi.

Chaka chino tasamukira ku Thamesmead. Ndinadziwitsa apolisi monga lamulo likunenera, ndipo kunabwera wapolisi wina, bambo wachikulire, wofatsa, kudzaona ngati kabati yakhomedwa bwino. Anaigwedeza uku ndi uku, anakhutira. Ndiye ine mwana woleredwa ku Ntcheu, mlendo angachoke pakhomo panga kukamwa kuli gwa? Ndinamukhazika pabalaza ndi abambo akunyumba, ine n'kulowa kukhitchini kukatereka tiyi. Ndili komweko ndinkawamva akuseka za mpira. Kenaka wapolisi uja anafunsa mocheza kuti, "Nanga mayiwa atachokapo, inu kiyi mungamupeze?" Amuna anga osaganiza n'komwe anati, "Bwana, mutu wa banja lino ndine. M'nyumba muno mulibe chobisika kwa ine."

Aphungu, thireyi inatsala pang'ono kundipulumuka m'manja! A Biswick sadziwa pomwe kiyiyo ali, ndipo chigulireni mfuti sanafunsepo. Anangoona kuti n'zamanyazi mwamuna kuvomera pamaso pa mwamuna mnzake kuti mkazi wake amamutsekera kabati. Wapolisi tiyi anamwa ndithu, koma potuluka anandipempha mwaulemu kuti mfuti ndikaisungitse kaye kukalabu mpaka adzabwerenso kudzalankhula nafe tonse awiri. Sanapsatire: zikapezeka kuti n'zoona, chiphaso changa chili pachiswe.

Ndawachonderera amuna angawa kuti wapolisiyo akadzabweranso adzangonena zoona. Akukanitsitsa. Akuti, "Ufuna ndioneke wabodza pamaso pa mzungu? Ingondionetsa kiyiyo basi, zomwe ndinanena zija zikhale zoona." Nditawauza kuti kutero ndiye kutayiratu chiphasocho, anati, "Ndiye usankhe." Mawa lake anagula khadi la foni n'kuimbira amayi awo kumudzi. Pano apongozi akufunsa kuti kabati yosatsegula mwamuna muli chiyani, kapena mkaziyu akusungamo zizimba. Ine, woimba kwaya Lamulungu lililonse!

Mfuti sindisiya, ndanena ndanenadi. M'dziko muno zonse ndimachitira ena, odwala kuntchito, abale kumudzi. Ichi chokha ndi changa, ndachivutikira ndekha, ndipo kalabu yandisankha kukapikisana nawo miyezi yotentha ikubwerayi. Koma amuna anganso ndimawakonda. Si munthu wankhanza, kudzimva kokhaku. Ndichite bwanji kuti ndisataye chiphaso, banjanso lisagwedezeke?

W.K., Thamesmead

Amayi W.K.,

Mundikhululukire, ndinayamba ndaseka. Ndinawaona a Biswick m'maganizo atatambalala pasofa, chifuwa patsogolo, akuyankha ngati ali pabwalo kwawo. Koma nkhani yanu si yoseketsa, ndiye tiyeni tiigwire.

Kiyi musawaonetse. Pamenepa palibe zokambirana. Panopa chomwe chilipo ndi mawu odzitama basi, koma tsiku lomwe mudzawalozere pomwe pali kiyi, mawu aja adzasanduka mlandu, ndipo wolakwira lamulo adzakhala inu mwini chiphaso, osati iwo. Musayesenso zowalozera malo abodza kuti mtima wawo ukhale pansi. Adzakanena kwa wapolisi monyadira kuti mwawaonetsa, inu n'kumira nazo kawiri.

Musakhale phee kudikira kuti wapolisiyo agogode. Muimbireni inuyo sabata ino, mumuuze ndendende zomwe mwandiuza ine, kuti amuna anu sadziwa ndipo anayankha chifukwa cha manyazi. Muuzeninso kuti kiyi mwamusintha malo, ndipo musinthedi. Ameneyo ntchito yake ndi yolowa m'nyumba za anthu, amuna odzitama wawaonapo ambiri. Komabe sadzakhutira ndi mawu anu okha. Adzafuna amve pakamwa pa a Biswick, ndipo ntchito yanu yaikulu ili pamenepo.

Inunso ndikudzudzuleni pang'ono. Munawasiya awiri pabalaza monga timachitira kwathu, mwamuna kucheza ndi mlendo, mkazi kukhitchini. Koma ameneyo sanali mlendo wa bambo, anali mlendo wanu, wobwera pantchito. Kodi munawakhazikapo pansi amuna anu wapolisiyo asanabwere, n'kuwauza kuti funso limeneli lingabwere? Ndikukayika. Iwo anayankha momwe analeredwera: kwathu mwamuna wosadziwa za m'nyumba mwake amasekedwa. Kuno pankhani ya mfuti, amene sadziwa ndi amene apolisi amamukhulupirira. Palibe anawauza zimenezi nthawi isanathe.

Tsono musawakankhire pakona ndi mawu akuti "mukavomere kuti munanama." Mwamuna wodzimva atha kulola nyumba ipse kusiyana n'kunena mawu amenewo. Apatseni mawu oti atha kuwanena ali chiimire: "Ndinkanena za nyumba yonse. Za kiyi wa mfuti sindidziwa, ndipo sindifuna kudziwa, chifukwa pakhomo panga timasunga lamulo." Ndi zoona zokhazokha, ndipo ulemu wawo sunachoke. Nkhaniyi muiyambe muli awiri, atadya, osati mukuthamangira basi ya kuntchito. Akaumabe mutu, itanani munthu mmodzi amene amamumvera, ankhoswe ngati alipo kuno, kapena bambo wakutchalitchi amene wakhalitsa m'dziko muno. Mmodzi, osati kwaya yonse.

Funsaninso kukalabu ngati ali ndi tsiku lolandira alendo, muwatengere. Ndikuganiza kuti sanakuonenipo mukuwombera, amangoona chikabati chotseka. Akaona malamulo a kumeneko, n'kuona akuluakulu aimvi nawonso akumvera woyang'anira ngati ana asukulu, adzazindikira kuti lamulo la kiyi silinapangidwire iwo okha. Zikawasangalatsa, alowe kalabu, ayesedwe monga munayesedwera inu, apemphe chiphaso chawochawo. Khomo loloweramo ndi limenelo, lachidule kulibe. Za apongozi, moto anauyatsa ndi mwana wawo, auzimitse yekha. Inu mukayankha pafoni zidzangokula.

Tsopano chenjezo langa, ndipo mulimve bwino. Mawu aja akuti "ndiye usankhe" sanandisangalatse. Mwina anangotuluka ndi mkwiyo, ndipo ndikukhulupirira mukamati si munthu wankhanza. Koma mfuti ndi mkangano sizigona nyumba imodzi, kaya mfutiyo ndi yaing'ono chotani. Apolisi nawonso amayang'ana mtendere wa pakhomo. Funsani akalabu ndi wapolisi uja ngati n'kotheka kuti mfutiyo izikhala komweko nthawi zonse, inu n'kumakaitenga pokawombera. Mukatero simunagonje ndipo simunasiye.

Kumpikisano pitani, mukapambane, mutitumizire chithunzi. Koma mfuti idzabwerere ku Thamesmead pokhapokha a Biswick atanena okha, mosakakamizidwa, kuti "sindidziwa." Asananene, kabatiyo ikhale yopanda kanthu, ndipo ngakhale ili yopanda kanthu, kiyi musawapatse.

Aphungu