Yunifomu ya Esinati Yatipezera Nyumba

Lachinayi madzulo. Tsiku lokoma ngati nanazi.

...ndiye mayi Namaona, eni nyumba ya kuseri kwa chipatala ija, akuti, "Mbeta sindisunga ine, zimachulutsa alendo." Apo n'kuti tikupempha nyumba ya lendi yoyandikira chipatala. Mng'ono wanga Esinati wangoyamba unamwino mwezi uno, koma wachedwa kale katatu ndi maminibasi a ku Chinakanaka. A matironi anamuuza kuti akachedwanso alandira kalata ya chenjezo.

Ndinati, "Vula juziyo iwe, anthu aone yunifomu." Mayi aja atangoona zoyerazo, mawu anafewa. "Kani ndi anesi? Mwanangu, tandionereni mwendowu." Esinati anagwada, nadina potupapo, n'kuwauza kuti achepetse mchere, mawa apite akayezedwe. Makiyi anatuluka okha pamfundo ya chitenje.

Iye amadziwa za m'mabuku, ine ndimadziwa anthu. Pobwerera ndamuuza kuti satifiketi yake ija tiidule pakati, tigawane. Mulanje yense palibe wondiposa pakamwa. Mawa mwana ayenda wapansi, afika matironi asanatsuke m'maso.

Koma za juzi zija ndanama. Anavula yekha, kunkatentha. Ine ndinali nditatembenuka kale kuti tizipita.