Maapozi anga asapite kwa a Telala

Aphungu,

Ndine bambo wachikulire. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndayendetsa malole zaka makumi atatu osapsereza injini ngakhale imodzi. Lero ndikunyozeka m'nyumba mwanga momwe chifukwa cha jamu.

Kuseri kwa nyumba kuli mtengo wa maapozi umene ndinadzala ndekha chaka chomwe ndinapuma pa ntchito. Chaka chino wabereka moti nthambi tachita kuzichirikiza. Ndiye apongozi anga, akazi a mwana wanga wamkulu, anatigulira mphika wamagetsi uja umaphika pang'onopang'ono. Akuti, "Bambo, muzingoikamo maapozi ndi shuga m'mawa, inu n'kumakawerenga nyuzipepala." Ine ndinadziwiratu kuti pali nkhani. Mphika wanji wopanda changu? Kuntchito kwathu munthu wotere tinkamutsitsa panjira.

Komabe ndinaphika. Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pake, chifukwa chinthu chikamalira suchisiya chokha. Cha m'ma leveni koloko ndinaona nthunzi ikutuluka m'mbali mwa chivundikiro. Aphungu, dalaivala aliyense amadziwa kuti nthunzi ikatuluka ndiye kuti madzi akutha. Ndinathiramo kapu imodzi. Itatulukanso ndinathiranso, n'kusanjika njerwa pa chivundikiro kuti chisapume. Pofika madzulo ndinali nditathira makapu asanu ndi imodzi, ndipo mphika sunapserere ngakhale pang'ono. Koma jamu wake! Ukamupaka pa buledi amatulukira kunsi n'kutsetsereka mpaka pa chigongono. Akazi anga anamuthira m'kapu, n'kumwa, amvekere, "Abambo, mwangoiwala masamba a tiyi."

Ulendo wachiwiri, chimodzimodzi.

Chondiwawa kwenikweni ndi a Telala, oyandikana nafe nyumba. Munthu wosadziwa ngakhale kupopa tayala la njinga, koma anabwera ndi kabotolo ka jamu wawo, wolimba moti supuni imaima yokha. Akazi anga ananyambita mpeni ine ndikuona. Zaka makumi anayi tili pa banja, sananyambitepo mpeni pa chinthu chophika ine. Tsopano alamula kuti ndikalepheranso Loweruka lino, maapozi onse otsala apita kwa a Telala, ife tizingolandira mabotolo. Mtengo wanga, thukuta langa, kutamidwa telala!

Ndikuganiza kuti apongozi ndi a Telala anapangana zondigulira mphika waulesi kuti ndiyaluke. Apongoziwo ndinawauza pamaso, ndipo chiyambire tsikulo moni wawo ndi wa m'mphuno. Kodi ndibweze mphikawu, kapena ndingodula mtengowo tonse tisowe?

Ndine wanu wodandaula,
D.W.K., nyumba yapakona, kuseri kwa galaja

Bambo D.W.K.,

Nkhwangwa isiyeni pomwe ili. Mtengo ulibe mlandu, mphika ulibe mlandu, apongozi anu ndiye alibiretu. Wolakwa ndi dalaivala.

Mphika si injini, bambo. Nthunzi mukulimbana nayoyo ndiye ntchito yake: madzi a m'maapozi amayenera kutuluka kuti jamu alimbe. Inu mumawabwezeramo, n'kutsekanso khomo ndi njerwa. Mwaphika tiyi wa maapozi kawiri konse, ndipo mayi sananame.

Loweruka muchite izi. Sendani maapozi, chotsani njere ndi polimba papakati paja, muwaduledule. Musakanizemo ena osapsetsa, owawasirako, chifukwa ndi amene amathandiza jamu kugwirana. Pa makapu anayi a maapozi thirani makapu awiri ndi theka a shuga, ndipo mufinyiremo ndimu limodzi. Madzi a pampopi, ngakhale dontho ayi. Vundikirani, yatsani, n'kuchokapo. Mpando uja mutuluke nawo. Njerwa ibwerere kumene munaitenga, mwina pali khoma likuisowa.

Pakatha maola anayi, phwanyani maapoziwo ndi mthiko. Kenaka mugoneke mthikowo pakamwa pa mphika kuti chivundikiro chitsamirepo, chikhale chotsekuka pang'ono. Alekeni atulutse nthunzi maola ena awiri kapena atatu, inu mukutakasa mwa apo ndi apo. Manja akayabwa kufuna kuthira madzi, kathirireni mtengo. Kuti mudziwe ngati wapsa, donthezani pang'ono pa sosa yozizira ya m'firiji, mudikire kamphindi, mukankhe ndi chala. Akachita makwinya ngati nkhope yanu mukaona a Telala, zimitsani. Mabotolo ndi zotsekera zake muyambe mwaziwiritsa, ndipo jamu akazizira azikhala m'firiji.

Za a Telala musaziike kumtima. Mayi ananyambita mpeni, sananyambite telala.

Chenjezo langa ndi limodzi. Jamu wa pamoto amaotcha kuposa madzi owira, ndipo amakakamira pomwe wafikapo. Musamulawe asanazizire, ngakhale fungo likuitaneni chotani. Lilime lanulo likufunika lamoyo Lamlungu m'mawa, pamene mudzanyamule botolo loyamba kupita nalo kwa apongozi anu kukapepesa.

Aphungu