Zala za amayi pa njerwa

Achemwali anga okondedwa,

Landirani moni wochokera kuno ku Chiuta. Ife tilipo, kungoti ine tulo sindikutiona. Kaya inu ndi alamu kumeneko ku Beira?

Paja mukudziwa kuti mwana wanga Amina atamwalira, akulu a mpingo analetsa azimayi anzanga kubwera kumaliro, ati chifukwa ndinakwatiwa ndi Msilamu. Chiyambire pamenepo sindinapondekonso ku tchalitchi. Lamulungu lapitali ndinavala nsalu yakuda ija ya kapulana, n'kupita kuti ndikatsanzike mpingowo.

Ndinakhala kumbuyo, kukhoma. Nyimbo itayamba ndinatsamira, dzanja langa n'kugwera pa njerwa ija malemu amayi anaumba pomanga tchalitchichi titangobwerako ku Malawi kothawa nkhondo, imene anadindapo zala zawo dothi likadali laliwisi. Achemwali, zala zanga zinalowa ndendende. Njerwa zina zonse zinali zozizira, koma imeneyo inali yofunda ngati munthu wangochotsapo dzanja.

Anthu atatuluka, mkulu wa mpingo anandifunsa kuti, "Mayi, paja munati muli ndi mawu?" Ndinangoti, "Ndinadzaona amayi." Anangondiyang'anitsitsa.

Bambo a Amina akuti ndichite zimene mtima wanga ukufuna. Koma ndingaimbe bwanji pamodzi ndi anthu amene anakana mwana wanga? Nanga ndikachoka, malemu amayi ndiwasiye m'khoma la anthu omwewo?

Chonde ndiyankheni msanga, akulu otsala ndinu. Mulungu akusungeni nonse. Ine mpaka pano dzanja likadali lofunda.

Ndine mng'ono wanu,
Rozita