Pulasitiki mu Uvuni wa Masikono

Lolemba, 6 Okutobala 2025

Katundu uja wafika pa minibasi ya ku Lusaka. Mapepala a pulasitiki yolimba, ija amapangira zikwangwani za masitolo, atumiza achimwene anga a Anwar. Ofiirira ngati uchi. Koma anawamanga pamwamba pa galimoto, dzuwa la mwezi uno n'kuwawamba njira yonse. Afika okhota ngati lichero.

Amuna anga a Haruna (ndizingolemba a H.) awayang'ana kamodzi n'kutembenukira kukhoma. Chiwadulireni mwendo pa ngozi ya thiraki chaka chatha, ntchito imeneyi ndiyo yoyamba kuifuna ndi mtima wawo. Panja satuluka, ngakhale ku mzikiti. Ati anthu azidzayang'ana ndodo m'malo moyang'ana ine.

A Boniface a babashopu ya kumsika ali ndi malumo opinda ometera ndevu, zitsulo zabwinobwino koma zigwiriro zinathyoka. Atabwera kudzawameta kuno kunyumba, a H. anawalonjeza zigwiriro zatsopano. Ndiye lero izi.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Ndafunsa: "Bwanji osangodula choncho?" Andiwonetsa. Chigwiriro ndi timapepala tiwiri, lumo limagona pakati. Kamodzi kakangokhota, potseka lumo limaluma m'mbali, kuthwa konse kutha, mwinanso chala cha wometa kupita. "Amake Sabra, chokhota sichibala chowongoka."

Ndaika pepala limodzi padzuwa, njerwa pamwamba. Madzulo n'tachotsa njerwa, labwerera mwakale ngati likundiseka.

Lachitatu, 8 Okutobala

Madzi owira mu bafa. Lafewa pang'ono, a H. mpaka anadzuka kudzawona. Litazizira lakhoteranso kwina.

Lachinayi, 9 Okutobala

Simbi yamakala. Ayi, ndisalembe zambiri. Pulasitiki yamatirira kunsi kwa simbi, nyumba yonse fungo, ndipo simbiyo ndi ya a Edith oyandikana nafe. Ndathera masana onse ndikuipala ndi mpeni.

A Boniface anandiimitsa ndikugulitsa masikono. "Amayi, ngati zavuta nenani chabe, palibe mlandu. Zitsulozo ndikazitaye, ndigule ena ku Chipata." Ndawayankha kuti zikuyenda bwino kwambiri. Allah andikhululukire, koma ndikanati chiyani? Akazitenga zitsulo zija, a H. sadzadzukanso pa mphasa paja.

Lachisanu, 10 Okutobala

Maganizo andibwerera ndikutulutsa masikono. Uvuni wanga wa mgolo umakhala wotentha nthawi yaitali makala atatha, ndipo kutentha kwake kumafika paliponse, osati pamodzi ngati simbi. Ndatenga matailosi awiri anatsala pomanga bafa, pepala pakati, njerwa pamwamba, n'kulowetsa.

Ndinafulumira. Uvuni unali ukadali ukali. Pepala latuluka ndi matuza thupi lonse ngati munthu wapsa ndi phala. Koma mbali imodzi, kachigawo ngati chikhatho, kanali see!

A H. akagwira, akatembenuza, akayang'anira kudzuwa. Kenako ati, "Moto unachuluka. Mawa mundiitane musanalowetse." Mundiitane! Ndinathawira kukhitchini kuti asawone nkhope yanga.

Loweruka, 11 Okutobala

Masikono a lero anunkha pulasitiki. A Edith aluma limodzi ati, "Mwajabu, wasintha mafuta?" Onse ndapatsa nkhuku. Ndawotcha uvuni wopanda kanthu, ndautsuka ndi phulusa. Kuyambira lero masikono kaye, pulasitiki pambuyo, kenako kutsuka.

A H. atuluka okha mpaka pa uvuni, ndodo gugu gugu. Akhala pa mpando, alowetsa dzanja lawo, ine langa. Takangana. Iwo ati kwazizira kale, ine ndati ayi, uvuni uwu ndimaudziwa ine, dikirani mpaka dzanja lizikhalamo osathawa. Andimvera, ngakhale mong'ung'udza. Tadula pepala tizidutswa tating'ono, takutira ndi pepala loyera la buledi kuti tailosi isamate.

Latuluka lowongoka, lopanda thuza! Koma a H. chimwemwe chinawapitirira, anachotsa njerwa lidakali lofunda kuti aliwone bwino. Tikuwona ndi maso athu, m'mphepete munayamba kudzuka pang'onopang'ono. Ndinaganiza akwiya. Aseka! Kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola. "Ili ndi khalidwe lanu, silifuna kulikakamiza."

Lamulungu, 12 Okutobala

Talowetsa masana, tatseka chitseko cha uvuni, tagwirizana kuti wogwira asanazizire ndi mfiti.

Lolemba, 13 Okutobala

ZATHEKA!!

Tatsegula m'mawa uvuni uli zii. Pepala lagona pa tailosi phwatalala. A H. aliika pa galasi la pa tebulo n'kulidina ngodya zonse, osagwedera. Ayesa kulowetsa kapepala kunsi, sikanalowe. Ndaimba nthungululu mpaka a Edith anathamangira kuno ndi thovu m'manja, poganizira mwana wathu woyembekezera uja, ati kodi Sabra wachira kale ku Chipata? Ndati ayi, wachira ndi pulasitiki.

Tsiku lonse sowo kwee kwee, tupa, sandipepa. Fumbi lofiirira m'ndevu mwawo. Chakudya chamasana anadya chozizira, ataimirira, atatsamira tebulo.

Lachitatu, 15 Okutobala

Lumo loyamba latha. Akhomera timisomali tamkuwa, apukuta ndi mankhwala otsukira mano mpaka chigwiriro chikuwala ngati switi. Potseka, chitsulo chikulowa pakati penipeni, osakhudza uku kapena uku.

A Boniface abwera madzulo. Atsegula, atseka, atsegula, atseka. Ameta tsitsi la pamkono pawo. Kenako ati, "A Haruna, ichi mwagula, musandinamize." A H. angowalozera uvuni. A Boniface ayendera uvuni wanga mozungulira ngati akugula ng'ombe. Ati mlamu wawo ali ndi babashopu ku Sinda, nayenso zitsulo zangodzaza m'chitini, ndipo kumeneko ometa ndi ambiri. "Ndidzamutengera limodzi akawone." A H. amangosisita chigwiriro ndi chala.

Lachinayi, 16 Okutobala

Ena atatu atha. Simbi ya a Edith ndabweza ndi masikono pamwamba.

Loweruka, 18 Okutobala

Ndabwera kuchokera kumsika dzuwa lili pamutu, beseni lopanda kanthu, ndapeza chitseko chokhoma ndi loko. Ndagogoda ngati chitsiru. Ndazungulira kuseri, ndaitana pa zenera. Zii.

A Edith akusuzumira pa mpanda: "Ukufuna amuna ako? Apita ku Sinda."

"Ku Sinda? Ndi ndani?"

"Okha. Avala mkanjo woyera uja ndi kofia, kachikwama pakhosi. Ndati ndikuitanireni njinga, akana, ati mpaka pa siteji ndifika. Anaima pa sitolo ya a Hashim kupereka moni, anthu anachita kutuluka m'masitolo. Ati ndikuuze kuti uvuni usauzimitse msanga, madzulo kuli ntchito."

Makiyi apita nawo m'thumba. Foni sakuyankha, mwina ili pansi pa malumo.

Ndiye ndili pano pakhonde panga, panja pa nyumba yanga, ludzu lili tho, ndikulemba pa bondo. A Edith akuti ndikadikirire kwawo. Ndakana. Minibasi za ku Sinda zimatsitsa anthu pa mphambano paja, ndipo pakhonde pano pamawoneka bwino.