Chidendene Chanu Kuseri kwa Nkhokwe

Amayi, mukukhala bwanji kumene munapitako?

Kuno ku Maganga njala ija yatha, koma yatisiya ochepa. Mutangopita, mwana wa achemwali anakutsatirani. Mwina mwamuona kale. Mpunga wachitako chaka chino. Ine ndinachira, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Nyumba yanu tinagwetsa titameta, monga mwa mwambo, ndipo pamalopo pamera bonongwe.

Mukukumbukira kabokosi kojambulira kamene mkamwini wanu, a Yohane, anabwera nako kuchokera ku Joni? Munkati, "Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kumasuzumira m'chitini!" Kankajambula zithunzi zisanu ndi zitatu zokha. Filimuyo inakhala m'sutikesi nthawi yonse ya njala. Mwezi watha anaitumiza pa sitima ku Blantyre kukatsukitsa, ndipo zithunzi zafika Lachiwiri.

Ndiulule, amayi: nkhope yanu ikundithawa. Mawu anu ndimawamva bwinobwino, koma ndikatsinzina ndimangoona duku. N'chifukwa chake envulopu ya zithunzizo ndinaitsegula ndisanakhale n'komwe pansi.

Choyamba ndi mtondo wanu, womanga ndi luzi pamene unang'aluka. China ndi usipa pathandala. Pali chipande chobenthuka chija, palinso nkhuku itagona m'lichero. Tsiku limenelo ndinawanena a Yohane kuti akutaya zithunzi pa zinthu zachabechabe. Lero zachabechabezo ndi zimene zatsala. Zenizenizo abale anagawana, nkhukuyo tinadya nthawi ya njala.

Chomaliza tinasungira inu. Munavala biriwita wanu wa kutchalitchi, n'kudzola mafuta a nsatsi. A Yohane, podziwa kuti mpongozi ndi mkamwini sayang'anizana, anandipatsa kabokosiko kuti ndijambule ineyo. Ndinakana, poopa kuwononga chinthu cha mwamuna. Atakulozetsani okha, munakuwa, "Ine kupenyana ndi mkamwini? Mwandiyesa wamisala?" n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Chala chawo chinali chitadina kale. Tinaseka mpaka misozi, ine n'kunena kuti tidzajambulanso tikakolola. Chaka chimenecho sitinakolole.

Pachithunzipo pali nkhokwe, ndipo m'mphepete mwake nsonga ya nsalu ndi chidendene chimodzi chili m'mwamba. Basi. Ming'alu yake ikuoneka yonse, ndipo ndikuidziwa, pakuti ndine ndinkaipaka mafuta masiku omaliza aja, pamene simunkathanso kufika pakhomo.

Ndakukwiyirani, amayi, koma ndadzikwiyira ndekha koposa. Kukanakhala kungogwira ndi kudina.

Ndikulonjeza kuti chithunzichi chiswe sichidzachilawa. Mwanayu akadzafunsa kuti mwini dzina lake anali wotani, sindidzamunamiza za nkhope imene ndaiwala. Ndidzamuonetsa chidendenecho, ndimuuze kuti awa ndi agogo ako, tsiku limene anali ndi mphamvu zothamanga.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Elube