Nthochi za M'tambula ya Madzi

Lolemba, 3 Juni

Wamagalasi. Ndayamba ndi iyeyo, mnzanga wa kuntchito, kuti ndisadzaiwale amene wandivula pagulu lero.

Chidwalireni chimfine chija, mphuno yangayi siikumva kanthu. Chonsecho ntchito yanga ndi mphuno basi: kununkhiza mowa umene watchezedwa ndi kunena ngati uli bwino. Ndikanawauza Madamu a ku labu akanandichotsa pa tebulo la onunkhiza, ine ndisanalembedwe n'komwe ntchito yokhazikika. Ndiye ndimangodikira Wamagalasi ayambe kulankhula, ine n'kumakometsera pamwamba.

Lero wanyamula tambula yomaliza, wanunkhiza, wati, "Nthochi." Ine pakamwa yasa: "Eya, yakupsa kwambiri, ndi kavanila chakumapeto."



Madamu: "Mwanawe, m'menemo ndi madzi a pampopi."

Wina mpaka kutsamwa ndi chiseko. Wamagalasi maso pansi. Anachita kupangana ndi Madamu ndithu.

Lachiwiri, 4 Juni

Anditumiza kotsuka matambula. Yunifolomu yoyera ndabweza.

Lachinayi, 6 Juni

Wamagalasi wanditsatira ku sinki. Ati, "Iwe, sabata yatha ine kulibe unavomereza thanki yolowa mutu." Mutu ndi uja umayamba kudontha potcheza, wonunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo. Ngakhale mlonda wa pageti angaumve. Ine ndinati uli bwino. Ati thanki yonse anachita kuitchezanso, ndipo amene anakalipiridwa ndi bambo aja oyang'anira mapaipi, amene amandisungira malo m'basi.

Ndamuyankha kuti ukanandiuza kumbali, pakamwa pako panatupa? Ati, "Ndinakufunsa kawiri, unati ndili ndi nsanje."

N'zoona. Koma sindinamuuze kuti n'zoona.

Lachisanu, 7 Juni

Bambo a mapaipi andipatsa moni ngati kale. Bola akanandilalatira.

Pa kantini ndamva wina akuti, "Mwagulako nthochi kwa asisi aja?"

Loweruka, 8 Juni

Ndapsereza mkaka pa mbaula ndili pompo. Amayi achita kuthamanga kuchokera kubafa. "Kodi iwe, si paja amakulipira chifukwa cha mphuno?" Ndaseka nawo. Sakudziwa kanthu. M'mawa uliwonse akumandifunsa kuti yunifolomu ili kuti ayisite.

Lachiwiri, 11 Juni

Madamu ati adzandiyesanso kumapeto kwa mwezi. Ndikakanika, ndi matambula mpaka kalekale, kapena geti.

M'chikwama mwanga ndapezamo timabotolo: khofi, makoko a ndimu, sinamoni. Sanalembepo dzina, koma ndani winanso amamata zivindikiro ndi selotepi ngati akumanga bala? Podutsa Wamagalasi wangoti, "M'mawa ndi madzulo, uzinunkhiza." Ine: "Ukanunkhize wekha, mfiti iwe."

Sindinataye.

Loweruka, 15 Juni

Khofi: palibe. Sinamoni: fumbi. Ndikungokhala ngati galu wokalamba.

Lachinayi, 20 Juni

Ndikutsuka matambula a onunkhiza, imodzi yandiimitsa. Fungo la katoni yonyowa! Mchira weniweni, uja umabwera kumapeto kwa kutcheza. Fungo loipa chonchija, ine misozi chuchuchu mu sinki. Ndanunkhizanso mpaka mutu waa.

Pocheuka, Wamagalasi ali pakhomo ndi thireyi. Waona. Wati, "Nthochi?"

Ndati, "Mchira, chitsiru iwe."

Wamwetulira, wasiya thireyi, wapita. Zikomo sindinanene, ndipo asayembekezere. Mawa ndidzamusungira mpando ku kantini, basi. Za nthochizi zathera pano, sindidzazitchulanso.