Mlonda Wandipatsa Sowo

Loweruka, ku Sheffield. Mutu wanga waima.

Lero ndinalibe shifiti, ndiye Mayi Banda a kutchalitchi anandikokera kumapiri a kunja kwa tauni, kumene alonda a zachilengedwe amafuna anthu owathandiza. Ine ndimati tikukadzala mitengo. Kwathu ku Dedza kusamala chilengedwe n'kumeneko.

Titafika, mlonda wina, mayi wamtali wa jekete yobiriwira, anandipatsa sowo n'kundilozera timitengo tanthete kuti ndidule. Ndinachita kufunsa kawiri. Akuti mitengoyo ikumwa madzi, pomwe iwo akufuna phirilo lizikhala lonyowa ngati dambo. Anzake anali kalikiliki kutseka ngalande zomwe alimi akale anakumba.

Pa nthawi ya tiyi alondawo anakangana ndi mlimi wa pomwepo. Alonda akuti nkhosa zachuluka, zikumaliza zomera. Mlimi akuti popanda nkhosa zake timitengoto tikanadzaza phiri lonse. Onse ndinawagwedezera mutu.

Tinaunjika zomwe tinadulazo. Nditafunsa kuti nkhunizi atenga ndani, akuti palibe, ziwolere pomwepo kuti tizilombo tipeze pokhala. Mayi Banda anandikodola. "Asisi, musamafunse zambiri. Ingodulani."

Koma ine ndinali ndi zaka khumi pamene mlonda wa nkhalango kwathu ku Dedza anawalanda amayi anga nkhwangwa n'kuwagwaditsa pamsewu, chifukwa cha mtolo umodzi wokha. Lero mlonda wandigwira chanza, kundithokoza kuti ndadula bwino.

Mawa tikaweruka kutchalitchi amayi aimba foni, ndipo afunsa kuti dzulo ndinaswera kuti. Ndiwauza kuti chiyani?